Kujambula rap m'chipinda chanu: mawu amveke kaye

Wa rap amagulitsa mawu. Woimba wina akhoza kupulumuka ndi kamvekedwe kokoma ngakhale theka la mawu ake litamira m'zoimbira, koma inu mukamenya vesi anthu osamva zimene mwanena, ndiye kuti simunawapatse kanthu. Zonse zimene ndikulemba pano ndimaziyeza ndi funso limodzi: munthu amene wakwera minibasi ya ku Limbe, injini ikulira, kondakitala akuitanira anthu, iye akumvetsera pa kafoni ka sipika imodzi, kodi amva mzere uliwonse? Ameneyo ndiye womvera wathu weniweni, osati wa masipika odula a mu situdiyo.

Ine ndimajambulira ku Chilomoni, m'nyumba ya lendi ya malata, ndi laputopu yogula kwa munthu. Zimene ndikuuzeni zimatheka m'malo otere.

Biti: dziwani mwini wake musanalembe mzere

Ambiri amayamba ndi kutsitsa biti, kutanthauza zoimbira zopanda mawu, pa YouTube, kulemberapo mavesi, kujambula, kenaka n'kudabwa nyimbo itatsekedwa kapena ndalama zake zikupita kwa munthu wa ku Atlanta. Biti yolembedwa kuti ndi yaulere nthawi zambiri imakhala yaulere pokhapokha ngati simupangirapo ndalama. Ogulitsa mabiti ali ndi njira ziwiri. Yoyamba amaitcha lease: mumalipira pang'ono, koma biti yomweyo aigulitsanso kwa ena, ndipo pamakhala malire a mmene mungaigwiritsire ntchito. Yachiwiri ndi exclusive: mumalipira zambiri, ndipo kuyambira pamenepo saigulitsanso. Werengani zimene alemba musanalipire.

Ine ndimakonda pulodyusa wa konkuno amene ndingakhale naye pansi. Mukagwirizana mtengo, lembani pa pepala kapena pa WhatsApp dzina la biti, ndalama zake, ngati ndi yanu nokha, ndi gawo limene iye adzalandire nyimbo ikadzayamba kubweretsa kanthu. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba musaufufute. Mupempheni fayilo ya WAV, imene imasunga kamvekedwe konse, osati MP3, ndipo ngati angalole akupatseni zoimbira zonse padera padera: kick (ng'oma yogunda mokhuthala) payokha, snare (ng'oma yolira mwakuthwa) payokha, bezi payokha. Mudzaona phindu lake pomiksa, ndiko kulinganiza mawu ndi zoimbira.

Chipinda

Apa ndi pamene nyimbo zambiri za anyamata zimafera, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa kukonza kwake sikufuna ndalama. Imani pakati pa chipinda chanu muwombe m'manja kamodzi. Mukamva kakulira kotsalira ngati ka chitini, dziwani kuti makoma a simenti akubweza mawu, ndipo maiki idzatola zonsezo. Phokoso lolowa pojambula lili ngati mchenga wogwera mu ufa: nsima ikapsa simungausankhe.

Mathireyi a mazira amene anthu amakhoma m'makoma sathandiza kwenikweni, ndi opyapyala kwambiri. Chimene chimameza mawu ndi chinthu chofewa komanso chochindikala: matiresi, mabulangete, mulu wa zovala. Imikani matiresi kumbuyo kwanu, osati kutsogolo. Maiki zambiri zojambulira mawu zimamva kwambiri mbali imene zayang'ana, ndipo mbali imeneyo muli inu ndi khoma la kumbuyo kwanu. Kumbali pachikani mabulangete pa chingwe, pansi yalani mkeka ndi bulangete lina pamwamba pake. Musaime pakona, chifukwa mawu okhuthala amaunjikana pamenepo, komanso musaime pakatikati penipeni pa chipinda. Mukatero wombaninso m'manja. Kulira kuja kukazimiririka, mwakonza.

Phokoso lakunja simungalitseke ndi bulangete, mumangolizemba. Phunzirani nthawi za dera lanu: chigayo chimatseka liti, bala yapafupi imazimitsa nyimbo liti, atambala amayamba liti. Kwathu kuno mpata wabwino umapezeka pakati pa usiku. M'nyengo ya dzinja, mvula ikangoyamba kuwomba pa malata, ikani maiki pansi mukalembe mavesi ena. Magetsi akazima musadandaule msanga: firiji yasiya kulira, mawailesi a aneba ali zii, ndipo laputopu ya batire yabwino ikhoza kuyendetsa maiki kudzera pa USB. Ndimajambula bwino kwambiri nthawi zimenezi. Ngakhale magetsi alipo, mukamva kulira kwa "hmmm" m'mahedifoni zulani chaja muone ngati kutha.

Zipangizo

Sindikhalitsa apa chifukwa anthu amataya nthawi yambiri akulota zipangizo. Mukufunika maiki, kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta kotchedwa audio interface, ndi mahedifoni otseka makutu kuti biti isatulukire mu maiki. Maiki ya condenser ngati Audio-Technica AT2020 imafuna mphamvu ya 48V kuchokera ku interface, ndipo imatola chilichonse, ngakhale galu wa kutsidya kwa msewu. Maiki ya dynamic ngati Shure SM58 mumaiyandikira kwambiri, choncho mawu anu amaphimba phokoso la chipinda. M'nyumba ya phokoso ine ndingasankhe dynamic. Chenjerani pogula, ma SM58 abodza ndi ambiri pamsika.

Pa mapulogalamu, Audacity ndi yaulere. Reaper amakulolani kuiyesa masiku 60 ndipo mtengo wake ndi wotsika. FL Studio yoyeserera imasunga ntchito koma siitsegulanso mpaka mutagula. Mapulogalamu obedwa amabwera ndi mavayirasi, ndipo tsiku limene laputopu idzafe idzapita ndi nyimbo zanu zonse. Ngati muli ndi foni yokha, BandLab imajambula ndi kumiksa. Yambani ndi imeneyo, musadikire.

Kujambula mawu

Ikani pulojekiti pa 24-bit ndi 44.1 kHz. Menyani gawo la vesi limene mumakuwa kwambiri mukuyang'ana mita, n'kutsitsa gain, imene ndi mphamvu ya mawu olowa kuchokera ku maiki, mpaka pokwera penipeni pakhale pakati pa -12 ndi -6 dB. Mita ikafika pofiira mawu asweka, ndipo osweka sakonzeka. Otsika mukhoza kuwakweza pambuyo pake.

Chichewa chili ndi mpweya wambiri. Nenani "phiri", "thupi", "khomo" dzanja lili pakamwa, mumva mphepo ikuwomba chikhatho. Mphepo imeneyo ikalowa mu maiki imamveka ngati munthu waimenya chibakera. N'chifukwa chake chotchinga mpweya n'chofunika kwa ife kuposa mmene ambiri amaganizira. Ngati mulibe chogula, pindani waya wopachikira zovala akhale wozungulira, muvekeni sokosi yopyapyala ya nayiloni, mumangirire patsogolo pa maiki. Pa condenser, pakamwa patalikire masentimita 15 kapena 20, maiki ipendekere pang'ono kumbali kuti mpweya udutse m'mphepete. Chongani pansi pamene mwaima kuti mukapita kukamwa madzi mubwerere pomwepo, apo ayi vesi yachiwiri imveka ngati mwajambulira nyumba ina.

Lowezani mawu musanayatse maiki. Munthu wowerenga pa foni amamveka kuti akuwerenga: mutu wawerama, mawu akupita pansi, mtima mulibe.

Palinso za chilankhulo chathu zimene maphunziro a pa YouTube sangakuuzeni. Pafupifupi mawu onse a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, ndipo kusavutako ndi msampha. Mizere isanu ndi itatu yothera pa "-a" yekha si luso, mwana aliyense angathe. Fananitsani mathero aatali, ngati "kulira" ndi "kudikira", kapena bisani kufananako mkati mwa mzere. Chachiwiri, polankhula timakoka kachigawo kachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu lomaliza. Mukakankhira mphamvu pa kachigawo komaliza kuti mugwirizane ndi snare, mumamveka ngati mlendo amene akuphunzira kulankhula. Sunthani mzere, osapotoza liwu. Chachitatu, mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sindidzakuiwalani" ladya kale theka la bar, chigawo cha biti cha kugunda kunayi. Mukaumiriza mawu ochuluka mudzayamba kumeza ena, ndipo womvera wa m'minibasi uja watayika. Dulani mzere. Vesi yabwino imasiya malo opumira, ndipo malowo muwalembe pa pepala ngati mmene mumalembera mawu.

Jambulani vesi yonse kangapo, kenaka musankhe magawo abwino mulumikize. Mzere umodzi ukavuta, bwerezani wokhawo, koma muyambe kumenya kuchokera pa mzere wa m'mbuyo kuti mphamvu ifanane. Mawu owonjezera pamwamba, amene timati ma double, aikeni pa mathero a mizere ndi pa kolasi basi. Mukabwereza vesi yonse kawiri koma osagwirizana ndendende, zilembo zimapakana ndipo mawu samveka.

Kumiksa

Musamikse tsiku limene mwajambula, makutu amakhala atatopa. Mawa lake yambani ndi kuyeretsa: dulani phokoso la pakati pa mizere, tsitsani kupuma kokwera kwambiri koma osakuchotsa konse, chifukwa munthu wosapuma samveka ngati munthu.

Biti yogula imabwera itakwezedwa kale mpaka kumapeto. Itsitseni ndi 6 dB kuti mawu apeze pokhala. Kenaka, musanatsegule plugin iliyonse (timapulogalamu tokonzera kamvekedwe), tsitsani voliyumu ya mahedifoni kwambiri n'kulinganiza mawu ndi biti. Pa voliyumu yotsikayo, mawu ndi snare ndi zimene ziyenera kutsala zikumveka bwino.

Pa EQ ya mawu, chida chokwezera kapena kutsitsira kamvekedwe kokhuthala ndi kakuthwa padera padera, dulani zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz, kumeneko kuli kugunda kwa mapazi ndi magalimoto odutsa. Mawu akamamveka ngati muli m'katoni, fufuzani pakati pa 200 ndi 400 Hz mutsitse ndi 2 kapena 3 dB. Kumveka bwino kwa zilembo kumakhala cha pa 3 mpaka 5 kHz. Kwezani pang'ono chabe, mukapitirira zimalasa m'makutu. Ngati muli ndi zoimbira padera padera, ndi bwino kutsitsa piyano kapena synth pamalo omwewo kusiyana ndi kukweza mawu. Compressor ndi imene imachititsa kuti liwu lonong'ona ndi lokuwa akhale pafupi: yambani ndi ratio ya 4:1, itsitse 3 mpaka 6 dB pamene mwakuwa. Ikatha ntchito yake, "s", "ts" ndi "ch" zimatuluka zakuthwa, ndiye ikani de-esser, chida chofewetsa zilembo zimenezi, cha pa 5 mpaka 8 kHz. Zilembo zina zikamirabe, makamaka kumapeto kwa mzere kumene mpweya unatha, kwezani pamenepo pokha ndi dzanja. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi imene imasiyanitsa nyimbo yomveka ndi yosamveka.

Reverb, kulira kotsalira ngati kwa m'holo, ichepe. Anyamata ambiri amaithira kuti abise chipinda choipa, mapeto ake woimba amamveka ngati ali kutali m'holo yopanda anthu. Pa vesi, delay yaifupi kwambiri, imene imabwereza mawu pambuyo pang'ono, imapereka thupi osabisa mawu. Reverb isungireni kolasi.

Bezi ya 808, ija yokhuthala kwambiri ya m'mabiti a rap, ndi nkhani ina. M'mahedifoni imagwedeza mutu, koma sipika ya foni siitulutsa chifukwa ili pansi kwambiri. Ithireni pang'ono saturation, imene imakhakhalitsa kamvekedwe, kuti ibale kamvekedwe kena pamwamba kamene foni ingakwanitse. Kenaka sinthani nyimbo yonse ikhale mono, kutanthauza kuti za kumanzere ndi za kumanja zaphatikizidwa pamodzi, mumvetsere. Mafoni ambiri ndi masipika ang'onoang'ono a Bluetooth amaimba mono, ndipo chimene chasowa pamenepo chasowanso kwa omvera anu ambiri.

Tsopano yesani. Imvereni pa foni, pa timahedifoni ta pamsika, pa sabuufa ya mnzanu, m'galimoto ngati mungapeze. Koma mayeso aakulu ndi awa: pezani munthu amene sanamvepo mawu a nyimboyo, mchemwali wanu kapena mnyamata wa pa shopu, mumuimbire kamodzi pa foni, mumuuze abwereze zimene wamva. Inu mawu mumawadziwa pamtima, choncho khutu lanu limamva ngakhale zimene palibe. Pamene iye wakakamira, bwererani mukakonze, ngakhale zitafuna kujambulanso mzerewo.

Pomaliza ikani limiter, chida choletsa nyimbo kupitirira malire pokweza, denga lake likhale -1 dB. Musalimbane ndi kukweza mpaka nyimbo iphwanyike: Spotify imalinganiza nyimbo cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa nyimbo), choncho yokwezetsa imangotsitsidwa, kuphwanyika kuja n'kutsala. Koma poti kuno nyimbo zimayenda kwambiri ngati MP3 m'mafoni mmene mulibe kulinganiza koteroko, ine ndimafikitsa cha pa -10 kuti isamveke yofooka ikatsatana ndi za ena.

Tulutsani WAV, MP3 ya 320 kbps, ina yopanda mawu otukwana ya pa wailesi, ndi ina ya pa siteji yokhala ndi biti ndi kolasi yokha. Mu MP3 lembani dzina lanu, dzina la nyimbo ndi chithunzi, chifukwa fayilo idzayenda m'manja ambiri, ndipo ikafika kwa munthu itangolembedwa "Track 01" sadzadziwa woti amufune. Pulojekiti yonse ikopereni pa flash komanso pa Google Drive tsiku lomwelo.

Mapepala

Nyimbo isanatuluke, khalani pansi ndi pulodyusa ndi aliyense amene waimbamo, mulembe gawo la aliyense, musayine nonse. Nthawi yabwino yokambirana ndi ino pamene nyimbo ilibe ndalama, chifukwa ikadzatchuka aliyense adzakumbukira mosiyana. Kenaka pitani ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni ntchito zaluso, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright la 2016. Limatolera kwa mawailesi ndi malo ena oimba nyimbo pagulu, komanso limagawa ndalama za msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo umene amautcha blank media levy. Lembetsani kukhala membala, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano muziilembetsanso. Ngati mwadula kachidutswa ka nyimbo ya munthu wina, ngakhale ya kalekale ya agogo athu a gitala, pemphani chilolezo kwa mwini wake kapena kwa banja lake.

Kuifikitsa kwa anthu

Tulutsani nyimbo imodzi imodzi. Munthu amene sakukudziwani sangathere bandulo yake pa chimbale cha nyimbo 15.

Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma simungaikemo nyimbo nokha. Mumadzera kwa makampani ogawa nyimbo ngati DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene amaitumizanso ku Apple Music ndi kwina, n'kukupatsani nambala ya ISRC yozindikiritsa nyimboyo. Amafuna WAV ndi chithunzi cha mbali zofanana, 3000 x 3000, ndipo amalipiritsa m'madola, choncho funsani kubanki ngati khadi lanu limalipira kunja musanalengeze tsiku. Tumizani kudakali milungu itatu kapena inayi. Kudzera pa Spotify for Artists mukhoza kupempha kuti akonzi a ma playlist aimvere, koma pempholo lipite pasanatsale masiku 7 kuti nyimbo ituluke. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 nyimbo yosafika 1,000 streams, ndiko kumvedwa ka 1,000, pa miyezi 12 siilipiridwa kumeneko. Ikani nyimbo ku Spotify kuti abale a ku Johannesburg ndi ku London aipeze, koma musawerengere kuti lendi ichokera kumeneko chaka choyamba. Ndipo anthu olonjeza kukugulitsani ma stream akaneni, nyimbo zogwidwa ndi chinyengo chotere zimachotsedwa.

Omvera a kuno ali pa WhatsApp, Facebook, TikTok ndi YouTube, pa Audiomack pamene mumaika nokha kwaulere, ndi pa masamba otsitsirapo nyimbo ngati Malawi-Music.com. Pa WhatsApp tumizani MP3 yeniyeni ngati document, osati kuijambulanso ngati voice note. Musamwaze link m'magulu onse opanda moni, anthu amangodutsa. Lemberani anthu mmodzimmodzi amene mukudziwa kuti amakonda rap, ndipo amene wayankha sungani nambala yake. Mndandanda umenewo ndi umene mudzauitanire ku shoo, ndi umene udzagule nyimbo pa Mpamba mukadzaigulitsa musanaitulutse poyera.

Pa TikTok ndi Facebook, sankhani mizere inayi imene munthu angafune kubwereza, osati poyambira pamene biti ikungodziimba. Jambulani kavidiyo ka masekondi 20 kapena 30 panja, dzuwa la m'mawa kapena la madzulo likuwala kumaso kwanu, foni itaima chilili, mawu a nyimbo atalembedwa pa sikirini chifukwa ambiri amaonera voliyumu ili pansi. Jambulani pamalo amene anthu a kwanu angawazindikire, pa siteji ya minibasi kapena pa bwalo la mpira la m'dera. Pangani tingapo pa nyimbo imodzi, muzitulutsa kamodzikamodzi nyimbo isanatuluke komanso itatuluka.

Wailesi idakali ndi mphamvu kuno. MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi a m'madera amafika kumene bandulo siifika. Mvetserani kaye mudziwe pulogalamu imene imaimba nyimbo za achinyamata ndi amene amaiyendetsa. Mutumizireni ija yopanda zotukwana, ndi uthenga waufupi waulemu: dzina lanu, dera lanu, dzina la nyimbo, amene anaipanga, nambala yanu. Pakapita sabata mukumbutseni kamodzi. Musaiwale anyamata a pamsika amene amaika nyimbo m'mamemori khadi, ndi ma DJ a m'maukwati ndi m'mabala. Apatseni MP3 yolembedwa bwino, chifukwa kudzera mwa iwo nyimbo imafika ku Ntcheu inu musanapondeko.

Zikondwerero zazikulu ngati Lake of Stars, Sand Music Festival kapena Tumaini ya ku Dzaleka zimafuna munthu amene wazolowera kale siteji, ndiye yambani ndi mashoo a kusukulu ndi a m'dera. Imbani pa biti ya pa siteji ija, osati pamwamba pa mawu anu ojambulidwa, anthu amaona msanga munthu wongoyendetsa milomo. Maiki muigwire pa thupi lake, osaphimba mutu wake ndi dzanja, chifukwa mukauphimba mawu amatsekeka ndipo masipika amayamba kulira. Fikani msanga mupemphe kuyesa zipangizo, muuze wa makina akweze mawu pamwamba pa biti, ndipo mnzanu akaime kumbuyo kwenikweni kwa holo akupatseni chizindikiro ngati akumva. Biti muinyamule pa flash ziwiri ndi pa foni, itaikidwa m'foda yakeyake mwa dongosolo limene muimbire, kuti DJ asafufuze anthu akudikira.